Dzenje la Msinkhu wa Mwana

Anthu a kuseri kwa phiri la Chikala ankachitcha mzinga, ngakhale sichinaombepo ndi kamodzi komwe. Chinali chitoliro chamkuwa, chonenepa ngati thunthu la nthochi yaing'ono, chofika m'chiuno mwa munthu wamkulu ukachiimika. Kukamwa kwake kunali galasi lalikulu, kumchira kagalasi kakang'ono. Mwini wake anali Bambo Ludoviko, wansembe wokalamba wa kumishoni, amene m'mawa uliwonse ankachilozetsa kudzuwa. Kusuzumiramo ayi, kumeneko n'kuitana khungu. Ankaika pepala loyera kumchira kuja, dzuwa n'kugwera papepalapo lozungulira ngati mbale, iwo n'kumajambula timadontho takuda timene timaoneka pankhope pake. Ankati tsiku lina timadonthoto tidzauza anthu za mvula. Anamwalira tisanawauze kanthu, ndipo mzingawo unatsalira Blasius.

Blasius anali mphunzitsi wa kasukulu ka pamudzi, mkamwini kwa mkazi wake Modester, chakufupi ndi Nsanama. Uyu anakulira m'khonde mwa ansembe. Mayi ake anachoka kwa Apwitikizi atamubereka kumsana, nafera panjira, ndipo amene anamutola anali Bambo Ludoviko omwewo. Choncho Chilatini cha pa Misa ankachitafuna ngati nzimbe, koma za m'mudzi, zija mwana amangozidziwa osauzidwa, zinamudutsa patali. Kumaliro ankadziwa kuyimba kokha. Sindikumunyoza ayi, munthu amadziwa zimene anamuonetsa.

Tsono vuto la mzinga ndi lakuti dzuwa silidikira munthu. Ukangoti ulembe kadontho kamodzi, mbale ija yasuntha kale, yatulukira m'mphepete mwa pepala. N'chifukwa chake mzinga umakhala pa khosi lachitsulo la mawilo a mano, ndipo khosilo liyenera kutembenuka pang'onopang'ono kutsatira dzuwa. Koma chitsulo sichitembenuka chokha, pamafunika chokankha. Kumishoni chokankhacho chinali kamota kodya moto wa batire, batireyo n'kumakaidzaza pa injini. Pamudzi pa Modester panalibe injini, panali mitondo.

Blasius anaumba njerwa, namanga chipilala kuseri kwa nyumba, pambalambanda, nakhazikapo khosi lija. Kenaka anakhala pansi kuganiza za chokankha, ndipo anaganiza ndi mtima wonse, pakuti anali munthu wosamala, wa uja amagogoda nsapato asanavale kuopa chinkhanira.

Anayamba wayesa dzanja la munthu, poti pakhosipo panali kachogwirira kopukusa. Modester anapukusa tsiku loyamba akuseka, mawa lake ali duu, kenaka anangokasiya kachogwirirako.

"Bambo a Nelia, ine munandikwatira kapena munandilemba ntchito yoweta dzuwa? Kudimba kukundidikira."

Ndiponso dzanja la munthu limatopa, dzuwa papepala linkangonjenjemera ngati lagwidwa malungo.

Pamenepo ndi pamene anathandizapo Sadiki, mnzake wa ku Ntaja, woyendetsa lole yotuta thonje m'midzi kupita nalo ku Balaka. Anamubweretsera batire yakale ya galimoto.

"Muzindipatsira pamsewu ndikamadutsa, achimwene, ndizikakudzazirani," anatero.

Kamota kanalira bwino, dzuwa linaima nji papepala, Blasius mpaka anavina yekha ngati wamisala. Koma batire ndi chinthu cha m'nyumba ya injini, si cha pabwalo. Dzuwa la Okutobala likaiwomba inkatuluka thukuta lonunkha loswa mphuno. Mawaya akakhudzana ankathetheka, udzu wouma uli pomwepo. Madzi ake anadonthera pansalu ya Modester yopita nayo ku tchalitchi, nsalu n'kubooka ngati yadyedwa ndi mbewa. Zonsezo akanapirira. Koma pamitu pa batireyo pankamera kaufa koyera, ndipo Nelia, mwana wawo mmodzi yekhayo, wa zaka zinayi, anakayesa mchere. Anakanda ndi chala n'kuika pakamwa.

Kulira kwa mwanayo kunamveka kutsidya la dambo. Milomo inatupa, lilime linasupuka, ndipo kwa masiku ambiri ankangomeza phala lamadzi akugwetsa misozi. Blasius anachita mantha amene sanachitepo chibadwire. Anasenza batire ija mpaka kumsewu, madzi ake akumudyera malaya, nakaitula pamapazi pa Sadiki.

"Mwandithandiza, achimwene, koma chinthu ichi chisadzafikenso pakhomo panga."

Inatsala njira imodzi. M'bokosi la Bambo munali tcheni lalitali ndi chitsulo cholemera ngati mphero, zimene mzingawo unabwera nazo kuchokera kwawo kusanabwere mabatire. Umakweza chitsulocho n'kuchileka. Chikamatsika pang'onopang'ono chimakoka tcheni, tcheni n'kumakoka mawilo. Palibe moto, palibe madzi owotcha, palibe kudikira lole. Chimangofuna malo otsikira, akuya kuposa msinkhu wa munthu.

Malowo akanawapeza m'mwamba kapena pansi. Akanamanga nsanja n'kukweza mzinga pamenepo, koma nsanja imagwedezeka ndi mphepo, chiswe nachonso sichigona. Ndipo anaganiza za chitsulo chija chikulendewera pamwamba pa mutu wa Nelia. Iyayi. Bola dzenje pambali pa chipilala. Tcheni likaduka, chitsulo chigwera m'nthaka, pamwamba avindikirapo matabwa, mwana azidumphapo mmene angafunire. Anaona kuti wapeza njira yosavulaza munthu, ndipo m'mutu mwake munali mwana yemweyo.

Anapita kudambo nadula bango loyezera, kuti dzenje likhale lokwana munthu kutsikiramo n'kuwerama akamakonza tcheni. Nelia, milomo itapola tsopano, sankachoka pambali pa bambo ake. Analanda bango lija naliimika pafupi ndi thupi lake, ndipo linamufika ndendende pamutu.

"Mayi a Nelia, taonani, mwana wanu walingana ndi bango langa," anatero Blasius akuseka.

Analigoneka pansi, nalemba ndi khasu mbali iyi ndi iyo, nayamba kukumba. Modester anali akupeta pakhonde. Lichero linaima m'manja mwake. Anangolitula pansi n'kupita kukaitana atsibweni ake.

Atsibweniwo, a Yotamu, anali munthu wofatsa, woseka ndi ana, ndipo manda ambiri a m'mudzimo anawakumba ndi manja awo. Ankamukonda Blasius, moti fodya wawo ankagawana naye ngakhale Blasiusyo sankasuta. Anafika dzuwa litapendeka, napeza mkamwini wawo walowa kale mpaka m'chifuwa. Ananjuta pamphepete, nayang'ana dzenje, nayang'ana bango.

"Aphunzitsi, mwaswera bwanji?"

"Ndaswera, atsibweni, kaya inu."

"Ndaswera. Kodi tikuika ndani?"

"Palibe, atsibweni. Ndi dzenje la chitsulo ili."

"Mwayeza ndi bango."

"Inde."

"Ndipo bangolo laimikidwa pa mwana."

Blasius anatsamira khasu, osamvetsa. A Yotamu anakhosomola, nalankhula motsitsa mawu kuti Nelia asamve.

"Ife bango timadulira munthu amene wagona kale. Timamuyeza nalo, n'kupita nalo kumsitu, n'kukumba. Dzenje lotero siligona lopanda kanthu. Tikalakwitsa, kapena mwini wake akaikidwa kwina, timagonekamo thunthu la nthochi n'kukwirira tsiku lomwelo. Likatsala chiyasamire limadzisankhira lokha."

Blasius anatuluka m'dzenjemo nawafotokozera zonse mwaulemu: za batire, za nsanja, za chitsulo cholendewera. Anamuitana Nelia n'kuwaonetsa chipsera cha pamlomo. A Yotamu anamvetsera mpaka kumapeto akugwedeza mutu.

"Ndamva, ndipo mtima wanu ndi wabwino. Koma chonde, kwirirani ili. Ndikadula nthochi yanga, tigonekemo. Mawa ndidzakuthandizani ndekha kukumba lina lozungulira, loyeza ndi chingwe."

Mawu ofewa chotero, munthu akanangoti inde. Wakutsina khutu ndi mnansi. Koma Blasius anayang'ana chipilala chake chimene chinauma kale, chosatheka kusuntha, nayang'ana matuza a m'manja mwake. Ndiponso iye, woyimba Misa, aike maliro a nthochi? Ansembe akamva adzati chiyani? Anati aganiza. A Yotamu anadzuka, nasasa fumbi m'mawondo, napita. Dzenje linagona, ndipo m'mawa Blasius analimaliza.

Kunena zoona, chitsulo chija chinagwira ntchito yokoma. Chinkatsika mwakachetechete mumdima wa pansi pa matabwa, tcheni likungoti tike tike, dzuwa litakhazikika papepala ngati mbale ya pathebulo. Nelia ankakhala pamwendo pa bambo ake n'kumaloza timadontho.

"Ababa, dzuwa lili ndi nsabwe."

"Lili nazo, mayi. Tiziwerenge."

Masiku amenewo Blasius anali wokondwa. Koma Modester, popita kunkhokwe, ankazungulira kutali, ndipo ana a m'mudzimo analetsedwa kusewera kuseri kwa nyumbayo.

Mvula ya chaka chimenecho inagwa yodzalira yokha. Itangomeretsa chimanga, kumwamba kunangoti mbee, ndipo mmera unafota uli m'mawondo. Anthu anadzalanso, kunafotanso. Imeneyo ndi njala ija ya 1949, imene okalamba a kuno akaitchula amayamba ameza malovu. Poyamba anthu ankabwera kwa Blasius kudzafunsa kuti dzuwa likuti chiyani za mvula. Iye ankayang'ana timadontho take, nanena zoona, kuti sakudziwa. Ena anayamba kunong'ona kuti mitambo ingabwere bwanji pamene munthu wailozetsa mzinga.

Nkhokwe zitatha, anthu anadya gaga. Gaga atatha, analowa m'tchire kukumba mizu. Ku boma ku Kasupe kunamveka kuti kwafika chimanga, anthu n'kukagona pamzere n'kubwerera ndi kakang'ono kapena chimanjamanja. Kusukulu ana analeka kubwera, moti Blasius ankaimba belu n'kumakhala yekha ndi mabenchi. Amuna ambiri anachoka akuti akukasaka chakudya, ena osabwereranso. Potsiriza anthu anagwera nthochi. Anazidula, nazula ndi zitsa zomwe, n'kuzisenda, kuziyanika, kuzisinja. M'mudzi monse simunatsale nthochi ngakhale imodzi.

Nelia anayamba waleka kuthamanga. Kenaka tsitsi linafiira, mapazi n'kutupa, ukadina chala malo ake osabwerera. Analeka kufunsa za nsabwe za dzuwa. Ankangogona pamphasa pakhonde, maso ali kudenga.

Tsiku lina masana Modester anamupeza mwamuna wake pachipilala akupukuta mawilo. Anagwada patali ndi matabwa aja.

"Bambo a Nelia, likumudikira."

"Chiyani?"

"Mukudziwa. Ndikagona ndimaliona. Kwirirani, ndapota nanu."

"Ndi njala iyi, mayi a Nelia. Ana a Amosi, mnansi wathuyu, akutupa onse atatu. Kwa Amosi kuli dzenje?"

"Ana a Amosi sanayezedwe ndi bango."

"Mwanayu akufuna phala, si dothi."

"Ndiye bweretsani phalalo," anatero Modester. "Mukungopukuta chinthu chosadyedwa."

Mawuwo anamulasa, chifukwa panali chinthu chimene Blasius anabisa. Tsiku loika Bambo Ludoviko, mzungu wina wa kujini ya thonje ku Balaka, amene anthu ankamutcha Bwana Chipewa, anamukokera pambali. Anati mzingawo akadzafuna kuuchotsa, iye alipo. Blasius sanamuuze Modester, poopa kuti azidzamukumbutsa nthawi iliyonse mchere ukatha. Kwa iye mzingawo unali chokhacho chimene anasiyiridwa ndi munthu amene anamulera, ndipo analonjeza pambali pa bedi la Bambo Ludoviko akumwalira kuti sadzaleka kujambula. Mkaziyo ankangodziwa kuti ndi chitoliro cha wansembe, chopanda msika.

Madzulo a tsikulo Blasius anamunyamula Nelia kuti amulowetse m'nyumba, ndipo anamva kuti mwanayo wapepuka ngati nkhuku. Pomwepo mtima unagonja. Anaganiza zopita ku Balaka. Kunyamula mzingawo sakanatha, mphamvu zinali zitatha, ndipo sanadziwe ngati mzunguyo akadalipo kapena akuufunabe. Anausiya m'nyumba monga mwa nthawi zonse, wokulunga m'mphasa, wotsamira pakona. Kumuuza Modester kunamukanika. Anachita manyazi kuulula kuti miyezi yonseyi anali ndi khomo logogoda koma osagogoda, komanso anaopa kumupatsa chiyembekezo chimene chingakafere panjira. Anangoti akupita kukasaka ganyu.

"Amuna onse akumatero," anatero Modester osamuyang'ana.

"Ine ndibwera."

Ulendo umenewo sindifuna kuukamba wonse. Anatsikira ku Liwonde, naoloka Shire pamodzi ndi anthu onyamula ana osalira. Anayenda m'chigwa chotentha chija, akutafuna bwemba wosapsa ndi kuyamwa malambe akawapeza. Pa siteshoni ya Balaka anaona amayi akusesa pakati pa njanji, kutola maso a chimanga ogwa m'matumba, n'kumakanganirana ngati nkhuku. Kujini, mlonda anamubweza kawiri, mpaka anatulukira Sadiki ndi mafuta m'manja.

"Achimwene, ndinu? Mwatha chonchi?"

Sadiki ndiye anamulowetsa. Bwana Chipewa anali pakhonde, chipewa chake chili pamutu ngakhale pamthunzi. Chinyanja chake chinali chopunduka, koma chomveka.

"Galasi lalikulu lili bwino? Palibe mng'alu?"

"Lili bwino, bwana. Ndimalipukuta ndi nsalu yofewa."

"Galasi ndi limene ine ndifuna. Galasi likasweka, chotsala ndi chitoliro basi."

Anati ndalama masiku ano sizigula kanthu, ndipo Blasius anavomera. Mzunguyo anali ndi chimanga cha phoso la antchito ake. Anati apereka matumba atatu. Sadiki adzabwera nawo pa lole Loweruka, adzaima pamphambano ya kumudzi n'kuliza hutala, atsitse matumba, akweze mzinga. Ataona mmene Blasius ankagwirira mzati kuti asagwe, anauza wophika kuti amupatse chakudya ndi kaufa ka m'kansalu kopita nako.

Matumba atatu! Pobwerera miyendo inkayenda yokha. Anali atagulitsa bambo ake omulera, ndipo chisoni chinalipo, koma chinali chisoni chopepuka. Panjira ankagawa m'mutu: la Nelia ndi mayi ake, la a Yotamu ndi mbumba, china apatseko ana a Amosi. Dzenje nalo alikwirira, nanga lidzakhalanso la chiyani? Kaufa kaja anakabisa m'malaya, osakakhudza ngakhale njala inamupotokola m'mimba.

Analowa m'mudzi Lachisanu, dzuwa lili pamutu. Sanamve kulira kwa maliro, ndipo anayamika Mulungu. Anadzera kuseri kwa nyumba. Chipilala chinalipo, khosi lachitsulo linalipo, koma tcheni panalibe. Matabwa anali atatsamizidwa kukhoma. Pamene panali dzenje panali dothi lofiira, losalazidwa bwino, lopondedwa ndi mapazi ambiri.

Sanadandaule. Anati basi, andichepetsera ntchito. Tcheni ndi chitsulo mzungu akapeza zina.

Modester anatuluka m'nyumba, ndipo atamuona anagwira pakamwa. Anali atakhulupirira kuti mwamunayu wapita ngati enawo.

"Mwabwera."

"Ndinati ndibwera. Mwana?"

"Alipo. Dzana anatsala pang'ono kutisiya. Maso anatembenuka, manja anazizira. Ndinathamangira kwa atsibweni." Anayang'ana pansi. "Musakwiye, bambo a Nelia. Inu kunalibe."

"Sindikukwiya. Mwachita bwino kukwirira."

Mkaziyo anapuma mwamphamvu, nkhope n'kumasuka, nayamba kulankhula mofulumira ngati mwana amene wakhululukidwa.

"Vuto linali nthochi. Atsibweni anazungulira mudzi wonse, mpaka kwa Amosi, mpaka kutsidya, osapeza ngakhale kachitsa. Dzuwa likupita, mwana akupita. Ndiye anati chimene chinaitana dzenje ndicho chilowemo. Msinkhu wake ndi womwewo, ndipo chinali kale m'mphasa."

Blasius analowa m'nyumba. Pakona panali mbee. Nelia anali pamphasa ina, akupuma pang'onopang'ono, chipsera chija chikuoneka bwino pamlomo wouma. Blasius anatulukanso, nayang'ana khasu limene linali pakhonde. Ankadziwa dzina limene amapatsidwa munthu wofukula pamene anzake aika, ndipo ankadziwa kuti akatero m'mudzimo sagonamonso. Komabe anayamba kuwerengera: dothi likadali lofewa, mkuwa suola msanga, mphasa yateteza galasi. Amuthamangitse, bola matumba atsale.

A Yotamu anali akubwera ndi ndodo, ataonda mpaka khosi kuoneka mitsempha. Anakhala pakhonde, napereka moni wonse, osadumpha.

"Aphunzitsi, takulakwirani, tagwira katundu wanu inu kulibe. Mlandu ndi wanga, mwana wa mlongo wangayu musamudzudzule. Koma tinachiika mwaulemu. Sitinachiponye ngati galu. Modester anayimbako ndi nyimbo yanu ija ya ku tchalitchi."

"Munachigoneka m'mphasa momwemo?"

"Momwemo, chitsulo ndi tcheni kumiyendo. Chinativuta ndi diso lokha."

"Diso?"

"Lija lalikulu la kukamwa. Titafunyulula kuti tione kumutu ndi kuti, tinapeza likutiyang'ana. Ine ndaika anthu ambiri, aphunzitsi, sindinaikepo munthu ali chiyang'anire. Timayamba tamutseka maso. Ili linalibe chikope." Anakhosomola. "Ndinalitseka ndi chidendene cha nkhwangwa. Kamodzi kokha, silinavute."

Blasius anapita pa dothi lofiira lija. M'mphepete mwake, pafupi ndi chipilala, kanthu kena kankanyezimira. Anawerama nakatola. Kanali kachidutswa ka galasi, kochepa ngati chikhadabo, kochindikala, koyera ngati madzi a pakasupe. Analidziwa galasilo, analipukuta kuyambira ali mnyamata.

Anafuna kukuwa, koma akuwire ndani? Nkhalambayo inamupempha kalekale, ndi mawu ofewa, nthochi zikadalipo. Mkaziyo anamugwadira. Za mzungu wa ku Balaka anazibisa yekha. Chisoni chinamukhala pachifuwa ngati chitsulo chija, ndipo anangokhala pansi pafumbi.

"Chikwirireni, mwana watsegula maso," anatero a Yotamu kumbuyo kwake. "Dzulo wamwa madzi yekha."

Powerama paja kansalu kanali katatuluka m'malaya. Modester anakatola, nakamasula, naona ufa woyera. Anagwada pambali pa mwamuna wake, misozi ikutsika, akumwetulira koyamba m'miyezi yambiri.

"Mwaona, bambo a Nelia? Tangokwirira dzana, lero ufa walowa m'nyumba."

Blasius anayang'ana ufawo. Unali wa phala la masiku ochepa, akamathira madzi ambiri.

"Ndaona," anatero. "Kamuphikireni."

Loweruka m'mawa hutala inalira kumphambano. Modester anali akumwetsa mwana ndi kasupuni, natukula mutu.

"Si lole ya a Sadiki imeneyo? Thonje kulibe chaka chino, akufuna chiyani?"

"Ndikaone," anatero Blasius.

Anapita yekha. Lole inaima pansi pa mtengo wa mango wopanda zipatso, injini ikulira. Kumbuyo kwake kunali matumba atatu ophimbidwa ndi lona kuopa maso a anthu, ndipo Sadiki anali atayamba kale kumasula chingwe.

"Katundu ali kuti, achimwene? Tichite changu anthu asanadzaze."

Blasius anatambasula dzanja, namuonetsa kachidutswa kaja. Sadiki anakayang'ana nthawi yaitali, nayang'ana mnzakeyo, nayang'ananso matumba. Chimangacho sichinali chake, ndipo nayenso anali ndi ana odya phoso la kujini. Anamanganso chingwe pang'onopang'ono, natulutsa m'thumba mwake chinangwa chowotcha cha kamba wake wa paulendo, namufumbatitsa.

Blasius anaima pamsewu mpaka fumbi la lole litatha, kenaka anabwerera kumudzi. Modester anali pakhomo, akukanda pansi pa kansalu kaja ndi supuni.

"Amafuna chiyani?"

"Amangodutsa," anatero Blasius, namupatsa chinangwacho.